Mwana akati "ndikulowa usilikali": zimene iye ndi abale ake ayenera kudziwa

Chilengezo choti boma likulemba asilikali atsopano chikangotuluka, m'Chipata mumadziwika. Malo ojambulitsira mapepala amadzaza, anyamata ndi atsikana a ku Kapata, ku Mchini ndi ku Nabvutika amayamba kuthamanga m'mamawa m'mbali mwa msewu wa Great East, ndipo pa WhatsApp pamayenda mauthenga ambirimbiri, ena oona, ena abodza. Kunyumba nako kumabuka nkhani ziwiri. Mwana akuona ntchito ya malipiro a mwezi ndi mwezi pa nthawi imene ntchito zikusowa. Amayi ake akuona bokosi lokutidwa ndi mbendera. Onse awiri akuona mbali ina ya zoona, koma zimene zimapweteka mabanja ambiri pa nkhaniyi zimachitika mfuti isanagwiridwe n'komwe: dzina losiyana pa mapepala, ng'ombe yogulitsidwa kuti alipire wakuba, matenda obisidwa kwa dokotala. Zina zimabwera pambuyo pake, monga ngongole ya chaka choyamba.

Nthambi zitatu, ntchito zosiyana

Tikamati "asilikali" timaphatikiza magulu atatu: Zambia Army, Zambia Air Force imene timangoti ZAF, ndi Zambia National Service kapena ZNS. Ali ngati mafuwa atatu ochirikiza mphika umodzi. Onse ali pansi pa Unduna wa Chitetezo, ndipo mkulu wa onse ndi Pulezidenti, koma gulu lililonse limalemba anthu ake, lili ndi sukulu zake ndi moyo wake.

Army ndiyo yakale. Inachokera ku Northern Rhodesia Regiment imene inakhazikitsidwa mu 1933, ndipo pa Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse asilikali ake anakamenya ku Somaliland, ku Ethiopia, ku Madagascar ndi ku Burma. Mayina a makampu athu akusungabe mbiri imeneyo. Tug Argan ya ku Ndola inatchedwa dzina la nkhondo ya ku Somaliland ya mu 1940. Arakan ya ku Lusaka ndi Chindwin ya ku Kabwe ndi mayina a ku Burma. Kampu ya kuno ku Chipata imene timaitchula kuti Gonda ndi Gondar, mzinda wa ku Ethiopia kumene kunali nkhondo mu 1941. Agogo ambiri a kuno kum'mawa anayenda maulendo amenewo, ndipo kuyambira nthawi ya atsamunda Chinyanja chakhala chikumveka kwambiri m'makampu ndi kupolisi, kotero mwana wa kuno sakafika ngati mlendo pa chilankhulo.

Za ZAF anthu ambiri amaganiza kuti aliyense wolowako adzayendetsa ndege. Oyendetsa ndege ndi ochepa kwambiri. Ambiri ndi amakanika, odziwa za magetsi ndi mawailesi, ozimitsa moto, olondera mabwalo a ndege, anamwino ndi osunga katundu. Maofisala ake amaphunzira ku Livingstone.

ZNS inakhazikitsidwa mwalamulo mu 1971, kuchokera ku gulu la achinyamata la Zambia Youth Service. Anthu ake amaphunzira usilikali, koma tsiku ndi tsiku amalima, amagaya ufa wa Eagle, amakonza misewu ya m'midzi ndiponso amathandiza kuletsa kuzembetsa chimanga m'malire. Makolo amene anamaliza Fomu 5 chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 amaikumbukira mwa njira ina, chifukwa nthawi imeneyo kupita ku ZNS kunali kokakamiza, mpaka cha m'ma 1980 pamene lamulolo linaleka kugwira ntchito. Lero palibe wokakamizidwa. Pali chinthu chimodzi chimene chimasokoneza anthu kuno: maphunziro a luso la manja amene achinyamata amakachita ku makampu a ZNS monga Chiwoko ku Katete si kulembedwa usilikali. Womaliza maphunziro amenewo amabwera ndi luso la ukalipentala, zomangamanga kapena ulimi, osati nambala ya ntchito.

Makomo awiri: msilikali ndi ofisala

Wolowa ali ndi makomo awiri, ndipo khomo limene walowera limatsata moyo wake wonse wa ntchito. Loyamba ndi la rikuluti. Akamaliza maphunziro, ku Army amakhala praiveti, kenaka amakwera pang'onopang'ono: lansi kopolo, kopolo, sajeni, sitafu sajeni, mpaka warrant officer. Lachiwiri ndi la ofisala kadeti. Ameneyu amaphunzira nthawi yaitali, a Army amaphunzira ku Kabwe, ndipo akamaliza amalandira udindo wake kuchokera kwa Pulezidenti n'kuyambira pa second lieutenant. Tsiku loyamba lomwelo amapatsidwa gulu la anthu pafupifupi 30, ena mwa iwo a msinkhu wa atate ake.

Tingayerekeze ndi kumanga nyumba. Ofisala ali ngati wojambula mapulani amene amayankha mlandu nyumba ikagwa. Sajeni ali ngati kapitawo wodziwa njerwa iliyonse. Ofisala wachinyamata wosamvera sajeni wake sapita patali, ndipo m'makampu zimenezi zimadziwika bwino. Mpaka 1970 akuluakulu a Army anali azungu a ku Britain. Chaka chimenecho Kingsley Chinkuli anakhala Mzambia woyamba kutsogolera gululi.

Palinso malo a akatswiri, monga madokotala, anamwino, mainjiniya, maloya ndi aphunzitsi, amene amalowa ali kale ndi dipuloma kapena digiri, ndipo malire a zaka zawo zakubadwa amakhala okwererapo. Wachinyamata amene ali ndi magiredi oyenera ukadeti aganize bwino asanathamangire khomo la rikuluti chifukwa chongofuna kulowa msanga. Kuchoka pa usilikali wamba kukakhala ofisala n'kotheka, koma njira yake ndi yopapatiza.

Kulembetsa: mapepala ndi akuba

Zofunika zimalembedwa m'chilengezo chilichonse, ndipo chilengezo cha chaka chimenecho ndicho choyenera kutsata, osati zimene msuweni anakumana nazo zaka zapitazo. Zimene zimabwerezedwa nthawi zambiri ndi izi: kukhala nzika ya Zambia yokhala ndi NRC yobiriwira, zaka zapakati pa 18 ndi 25 kwa olowa mwachindunji, satifiketi ya Giredi 12, thupi labwino, ndi kusakhala ndi mbiri yomangidwa pa mlandu. Chilengezo chikati "kirediti", dziwani mmene ECZ, bungwe loyendetsa mayeso a sukulu, imawerengera: 1 ndi 2 ndi disitinkishoni, 3 ndi 4 ndi meriti, 5 ndi 6 ndi kirediti, pamene 7 ndi 8 ndi kukhoza wamba. Amene ali ndi 7 pa Chingerezi kapena masamu ndipo akufuna ukadeti, njira yake ndi kulembanso mayeso a GCE zaka zisanamuthere.

Yalani mapepala onse patebulo ndi kuwerenga chilembo chilichonse. NRC ikati Phiri Yohane, satifiketi ikati Phiri John, kapena chaka chobadwa chikasiyana, konzani msanga kudzera kwa Commissioner for Oaths (wolumbiritsa anthu ndi kutsimikizira mapepala) ndi maofesi amene anapereka mapepalawo. M'midzi mwathu zimachitika kawirikawiri kuti mwana analembetsa sukulu ndi dzina la amalume amene ankamulera, koma NRC n'kutenga ndi dzina la atate ake. Kwa abale ndi munthu mmodzi yemweyo. Kwa wosankha mapepala masauzande ndi anthu awiri. Satifiketi yabodza, kapena ya mchimwene, imafufuzidwa ku ECZ, ndipo wogwidwa amachotsedwa ngakhale atayamba kale maphunziro, n'kukhalanso ndi mlandu kupolisi. Nambala ya foni imene mwalemba pa kalata ikhale yogwira ntchito mpaka mayina atatuluka. Mapepala enieni musasiyire munthu aliyense. Perekani makope otsimikizidwa.

Kulowa usilikali n'kwaulere. Palibe fomu yogula, palibe ndalama ya "medikolo" yotumiza pa foni, palibe malo osungidwa amene "akulu ena a ku Arakan" akugulitsa. Akuba amagwira ntchito mwa njira yodziwika. Amatsegula tsamba la Facebook lokhala ndi chizindikiro cha Army kapena chithunzi cha mkulu wa asilikali. Amayamba ndi ndalama yochepa kuti muone ngati palibe chotaya. Kenaka amati dzina lalowa koma pakufunika ya yunifolomu, kenaka ya basi, ndipo nthawi zonse amati mutumize lero lomwe chifukwa mndandanda ukutsekedwa madzulo. Banja likagulitsa mbuzi, kenaka ng'ombe, limavutika kuvomereza kuti laberedwa, ndiye limapitiriza kutumiza. Zili ngati kugula munda kwa munthu wongodutsa m'njira, anyakwawa osadziwa. Ndipo ngakhale wolandira ndalamayo atakhala wa m'boma weniweni, lamulo lothana ndi ziphuphu la mu 2012 limagwira wopereka ndi wolandira yemwe. Uthenga wokayikitsa kaufunseni ku ofesi ya DC kapena ku kampu yapafupi, ndipo wofuna ndalama kamnenereni kupolisi kapena ku ACC, bungwe lothana ndi ziphuphu.

Thupi: kupimidwa ndi kukonzekera

Apa ndi pamene pamafunika kufatsa, chifukwa pa nthawi ya maphunziro chimene chimavulaza achinyamata kwambiri ndi thupi losakonzeka, osati chipolopolo.

Madokotala amapima maso, makutu, kuthamanga kwa magazi, mtima, chifuwa, mkodzo, magazi, mafupa ndi mapazi. Atsikana amapimidwanso ngati ali oyembekezera. Amene akufuna kuyendetsa ndege amapimidwa mozama, kuphatikizapo kusiyanitsa mitundu. Anthu ambiri amaona kupimaku ngati mpanda woti audumphe, ndiye amabisa mphumu, khunyu, vuto la mtima kapena la sickle cell, matenda a magazi otengera kwa makolo. Ganizirani chimene chimachitika pambuyo pake. Wamphumu adzathamanga m'fumbi atanyamula katundu, mankhwala ake opopera atawabisa kutali. Wakhunyu adzakhala masiku osagona mokwanira, ndipo kusagona ndiko kumadzutsa matendawa, mwina ali ndi mfuti m'manja kapena akuwoloka madzi. Ngakhale munthu amene anangotengera mbali imodzi ya sickle cell, wosadwaladwala, akhoza kugwa mwadzidzidzi akathamanga mopitirira pa dzuwa lotentha thupi lilibe madzi. Makolo amene mukudziwa kuti mwana anakomokapo ali wamng'ono, muuzeni, ndipo iye akauze dokotala. Kukanidwa kumawawa, koma mwana amabwerera kunyumba ndi miyendo yake.

Za HIV mafunso amakhala ambiri. Mu 2010 High Court ya ku Livingstone, pa mlandu wa anthu awiri amene anali a ZAF, inagamula kuti kuwapima HIV popanda chilolezo chawo kunali kuphwanya ufulu wawo. Chigamulocho chinali chokhudza chilolezo, osati kuchotsa kupima kwa thanzi. Nzeru yabwino ndi kukayezetsa nokha kuchipatala musanalembetse, kuti nkhani ya thupi lanu muimve muli ndi wokulangizani, osati muli pamzere.

Kukonzekera kumafuna masabata 10 kapena 12, osati sabata imodzi chilengezo chitatuluka. Yambani ndi makilomita 2 kapena 3 katatu pa sabata, pa liwiro loti mukhoza kulankhula mukuthamanga. Sabata iliyonse onjezani pang'ono, osapitirira gawo limodzi mwa magawo khumi a mtunda wa sabata yatha. Pakati pa masiku othamanga siyani tsiku lopuma, ndipo tsiku limenelo chitani mapushapu ndi zolimbitsa pamimba. Kamodzi pa sabata yendani mtunda wautali mutabereka chikwama, kuyambira makilogalamu 5. Mapiri ozungulira Chipata ndi abwino pa zimenezi. Chifukwa choonjezera pang'onopang'ono n'chakuti mapapo ndi minofu zimalimba msanga kuposa mafupa. Munthu amamva kuti mphamvu zilipo, amachulutsa mtunda, ndipo fupa la msongolo kapena la phazi limachita kamng'alu. Chizindikiro chake ndi ululu wa pamalo amodzi pa fupa, poti mukhoza kuloza ndi chala chimodzi, umene umakula mukamathamanga. Ukafika pamenepo lekani, pitani kuchipatala. Kuumiriza kumathyola fupalo.

Kutentha kwa Okutobala ndi Novembala kumapha. Munthu akayamba kudzandira, kulankhula zosamveka kapena kusokonezeka mutu pa dzuwa, si ulesi ndipo si mizimu. Mugonekeni pamthunzi, mumasuleni zovala, muthireni madzi ozizira thupi lonse mukumukupiza, ndipo apite kuchipatala nthawi yomweyo. Chizindikiro china chosachedwa nacho ndi mkodzo wakuda ngati tiyi wopanda mkaka pambuyo pochita masewera olemetsa, pamodzi ndi kuwawa kwambiri kwa minofu. Zimenezi zimasonyeza kuti minofu ikuwonongeka ndipo zotulukamo zikutseka impso. Imwani madzi musanayambe ndi mukamaliza, ndipo mukatuluka thukuta lambiri gwiritsani ntchito ORS, madzi a shuga ndi mchere obwezeretsa madzi m'thupi. Ikasowa, sakanizani lita imodzi ya madzi abwino, masupuni ang'onoang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere. Musamwe diclofenac kapena brufen kuti muthamange osamva ululu, chifukwa mankhwala amenewa amalemetsa impso pamene thupi lauma. Thupi likatentha masiku oyandikira kupimidwa, kayezetseni malungo. Kuthamanga ndi malungo m'thupi n'koopsa.

Mapazi ndi chuma cha msilikali. Zolowerani nsapato zotseka, valani masokosi okhuthala ouma, wengani zikhadabo, pukutani pakati pa zala. Thuza likaphulika litsukeni ndi kuliphimba.

M'mabanja ena agogo amafuna kumutemera mwana mphini asananyamuke. Chikondi chimene chili m'menemo n'chomveka. Koma lumo logwiritsidwa ntchito pa anthu angapo limafalitsa HIV ndi matenda a chiwindi, ndipo bala latsopano limatukusira msanga m'thukuta ndi m'matope. Mankhwala akumwa osadziwika muyezo wake nawonso akhoza kuwononga chiwindi ndi impso pa nthawi imene zikufunika kwambiri.

Miyezi ya chete

Maphunziro a rikuluti amatenga miyezi 6 kapena kuposerapo, a kadeti amapitirira apo. Kwa ife a kuno, chofanana nacho ndi chinamwali: munthu amachotsedwa pakati pa abale, amametedwa, amalangizidwa ndi anamkungwi osaseka, ndipo amatuluka ali ndi udindo wina. Kudzuka kusanache, perete wa maola ambiri, kuyala bedi mobwerezabwereza, kulangidwa gulu lonse chifukwa cha mmodzi, zonsezi zili ndi cholinga. Zimaphunzitsa thupi kuchita choyenera munthu atatopa kapena ali ndi mantha, ndiponso kuti kulakwitsa kwa mmodzi kumagwera anzake. Masabata oyamba ndiwo ovuta kwambiri, ndipo pafupifupi aliyense amaganizapo zosiya. Komabe maphunziro okhwima ndi nkhanza ndi zinthu ziwiri. Kumenyedwa mpaka kuvulala, kukanizidwa chithandizo cha kuchipatala, kapena kuumirizidwa chigololo ndi mlangizi si mbali ya maphunziro. Ndi milandu, ndipo ikhoza kunenedwa kwa ofisala woyang'anira, kwa dokotala wa kampu, kwa abusa a asilikali kapena kwa apolisi a usilikali.

Kwa makolo, chovuta ndi chete. Kawirikawiri mafoni amasungidwa ndi akuluakulu, ndipo pakhoza kupita masabata osamva mawu a mwana. Chete ameneyu si uthenga woipa. Chinthu chikachitika, akuluakulu amadziwitsa munthu amene mwanayo analemba kuti ndiye wachibale wapafupi. N'chifukwa chake banja lisankhe munthu mmodzi wa foni yodalirika, ndipo onse adziwe kuti uthenga udzadzera kwa iye. Akuba amadziwanso za chete ameneyu. Amaimba usiku n'kunena kuti mwana wanu wavulala, tumizani ndalama ya mankhwala. Msilikali ndi rikuluti amathandizidwa m'zipatala za asilikali, ndipo chachikulu ndi Maina Soko ku Lusaka; palibe dokotala wa kumeneko amene angapemphe ndalama pa foni. Mwana akapeza mpata woimba, musamuunjikire mikangano ya munda ndi ngongole za feteleza zimene sangathe kuchitapo kanthu ali kumeneko. Maliro a wachibale wapafupi adzereni ku ofesi ya kampu, ndipo konzekerani kuti mwina saloledwa kubwera. Yambaninso kusunga ya basi yopita ku pasi auti, mwambo womaliza maphunziro: kuchoka ku Chipata kufika ku Lusaka ndi makilomita pafupifupi 570, ndipo Kabwe ili makilomita ena pafupifupi 140 kutsogolo.

Lumbiro ndi lamulo la usilikali

Kusiyana kwakukulu pakati pa usilikali ndi ntchito zina kuli pa lumbiro. Wogwira ntchito m'sitolo akatopa amapereka notisi n'kuchoka. Msilikali akalumbira amalowa pansi pa Defence Act, lamulo lokhala ndi milandu yake ndi khoti lake lotchedwa court martial, kuwonjezera pa malamulo amene tonse timawatsata. Malamulo a ntchito amene amateteza antchito ena, monga Employment Code ya mu 2019, sakhudza asilikali. Alibe yuniyoni, sanyanyala ntchito, ndipo sasankha kokagwira ntchito. Mwana wa ku Chadiza akhoza kutumizidwa ku Kaoma kapena ku Mbala n'kukhalako zaka. Amavota ngati nzika iliyonse, koma malamulo oyendetsera dziko amafuna kuti asilikali asakhale mbali ya chipani, kotero zovala za chipani ndi ndemanga zandale pa Facebook zikhoza kumuthera ntchito. Kujambula zithunzi za m'kampu kapena kuulula kumene gulu likupita ndi mlandunso.

Kujomba popanda chilolezo ndi mlandu, ndipo kuthawa osafuna kubwerera ndi mlandu waukulu kuposa pamenepo. Apa abale amalakwitsa chifukwa cha chifundo. Mwana wabwera kutchuthi, masiku atha, amayi akuti gonanso sabata imodzi tikolole. Kapena wathawa ndipo amalume amubisa kumudzi. Tsiku lililonse loonjezera limakulitsa mlandu. Ngati wadwala ali kunyumba, atenge kalata ya kuchipatala ndi kudziwitsa gulu lake kapena kampu yapafupi tsiku lomwelo. Wofuna kusiya usilikali ali ndi njira yopempha kudzera kwa akuluakulu ake, ndipo amadikira yankho ali pa ntchito. Musanasaine chilichonse werengani zaka zimene mukulonjeza kutumikira, makamaka ngati boma likukulipirirani maphunziro a luso.

Kodi adzapita kunkhondo?

Funso ili ndi limene limasowetsa tulo, ndipo kuno kum'mawa silichokera m'mafilimu. Akuluakulu a ku Chadiza, Katete ndi Petauke akukumbukira zigawenga za RENAMO zimene zinkadumpha malire a Mozambique chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, kupha anthu ndi kulanda katundu m'midzi, mpaka asilikali athu anayamba kuzithamangitsa. Lero Zambia sili pankhondo ndi dziko lililonse. Ntchito yambiri ya msilikali ndi kulondera, kuphunzira, kuyang'anira malire ndi kuthandiza pa ngozi, monga pamene asilikali anatuluka kukayeretsa Lusaka pa mliri wa kolera wa 2017 ndi 2018.

Kumene ngozi ya zida ili pafupi ndi ku ntchito yosungitsa mtendere ya United Nations (UN). Asilikali a Zambia atumikirapo ku Mozambique, Rwanda, Angola, Sierra Leone ndi Sudan, ndipo kuyambira 2015 magulu athu akhala akusinthana ku Central African Republic, m'dera la Birao. Dzina loti "kusungitsa mtendere" lisatipusitse. Zili ngati kuleretsa ndewu ya anthu awiri onyamula zikwanje: woleretsa sakufuna kumenya, koma akhoza kutemedwa. Mu Meyi 2000 asilikali athu ambiri anagwidwa ndi zigawenga za RUF ku Sierra Leone, ndipo ku Central African Republic ena aphedwa. Ambiri amapita n'kubwera bwino, koma si onse. Rikuluti watsopano satumizidwa akangomaliza pasi auti. Gulu lopita limasankhidwa ndi kuphunzitsidwa mwapadera.

Wobwera ku ulendo wotere akhoza kusintha: kusagona, kudzidzimuka ndi phokoso, kukwiya msanga, kumwa mowa kwambiri. Zizindikirozi zikapitirira mwezi, ndi matenda a maganizo amene ali ndi chithandizo, ndipo mkazi, mwamuna kapena mayi ndiye amayamba kuziona. Musazisungire m'nyumba.

Pali "usilikali" wina umene banja liyenera kuukana poyera: wa anthu olonjeza ntchito ya ulonda kapena ya nkhondo kumayiko akunja pa malipiro a madola. Mu Seputembala 2022 wophunzira wa ku Zambia anafera ku Ukraine atatengedwa m'ndende ya ku Russia kukamenya nkhondo. Wolowa njira zotere alibe gulu la kwawo lomuyang'anira, ndipo abale amamva mochedwa.

Malipiro, ngongole ndi mapepala a banja

Malipiro oyamba akangolowa, obwereketsa ndalama amafika, chifukwa amadziwa kuti ya msilikali imadulidwa isanafike m'manja mwake. Wachinyamata amatenga ngongole ya zaka zingapo kugula foni, sofa ndi wailesi, kenaka ina yothandiza kumudzi, ndipo pomwe mwezi ukutha wotsala nayo sikwanira, ndiye amapita ku kaloba. Lamulo losavuta ndi ili: chaka choyamba osatenga ngongole, ndipo pambuyo pake muzifunsa ndalama yonse imene mudzabweze, osati ya pamwezi yokha. Abale nanunso gwirizanani naye ndalama imodzi yodziwika ya pamwezi. Praiveti si bwana, ndipo akamakakamizidwa kunyamula mudzi wonse amagwa. Za ndalama za ku UN, dziwani kuti bungweli limalipira boma, pafupifupi madola 1,400 pa msilikali aliyense pamwezi, ndipo chimene msilikali amalandira chimatsata ndondomeko ya dziko lake.

Fomu ya wachibale wapafupi isinthidwe moyo ukasintha. Ambiri amalemba amayi ali rikuluti, n'kukwatira, n'kubereka, fomu osaikhudza. Ukwati ndi ana zilembetsedwe ku ofesi ya gulu. Munthu akamwalira wopanda wilo, lamulo la mu 1989 la Intestate Succession limagawa chuma motere: 50 peresenti kwa ana, 20 kwa mkazi kapena mwamuna, 20 kwa makolo, 10 kwa ena amene ankadalira womwalirayo. Kwa ife Achewa amene timatsata kuchikazi, kagawidwe aka kamasiyana ndi zimene amalume ndi adzukulu amayembekezera, ndipo mikangano imayambira pomwepo. Kulemba wilo si kuitana imfa; ndi pepala losainidwa pamaso pa mboni ziwiri zosalandira nawo chumacho.

Mafunso amene akadali poyera

Pali nkhani zimene Azambia sanagwirizanepo. Yoyamba ndi ya chilungamo pa kasankhidwe. Ofunsira amachuluka kwambiri kuposa malo, ndipo nthawi iliyonse mayina akatuluka pamamveka madandaulo oti ana a odziwika ndiwo alowa. Akuluakulu amayankha kuti malo amagawidwa m'maboma onse. Kodi mndandanda ndi njira yosankhira ziziululidwa mpaka pati kuti wa ku Vubwi kapena ku Chama akhulupirire kuti anapikisana mofanana ndi wa ku Lusaka?

Yachiwiri ndi ya satifiketi ya Giredi 12. Ena amati zida ndi ntchito za masiku ano zimafuna wophunzira. Ena amati muyezo umenewu umatsekera kunja achinyamata amphamvu ndi odzisunga a m'midzi amene sukulu inawathera panjira chifukwa cha umphawi. Yofanana nayo ndi ya HIV: popeza womwa ma ARV mokhulupirika amakhala ndi mphamvu zaka zambiri, kodi muyezo wa thanzi polowa uyenera kuonedwanso, kapena kuvuta kwa ntchito za kutchire kumene mankhwala angasowe ndi chifukwa chokwanira?

Palinso mtsutso wa ZNS: ibwerere kukhala ya wachinyamata aliyense womaliza sukulu monga kale, kapena ikhale ya ofuna okha? Okumbukira zaka za m'ma 1970 amagawanika, ena amayamikira mwambo umene anaphunzira, ena amakumbukira matenda ndi kuvutika m'makampu. Ndipo atsikana akamalowa ochuluka, kodi njira zodandaulira nkhanza zili zotetezeka mokwanira pamene wodandauliridwayo ali ndi udindo woposa wodandaula? Nanga msilikali wopuma ntchito akadali ndi mphamvu, kapena wobwera ku Birao ndi mabala a m'maganizo, akabwerera ku Lundazi kapena ku Sinda kumene kulibe chipatala cha asilikali, amamuyang'anira ndani?